Funsani Malume: za bwato, nkhafi ndi mwera

Mwezi uno makalata ambiri abwera ndi nkhani zakunyanja, nde ndatolapo anayi. Ine ndinakulira m'mbali mwa Shire kufupi ndi Boma la Mangochi, nkhafi ndinaigwira ndisanadziwe kulemba dzina langa, choncho nkhanizi zimandikhudza kwambiri.

Malume, ndinaona pa foni anthu akupikisana pa timabwato towonda kwambiri, akuti ndi ku Olympics. Ineyo ndinayamba kupalasa ndili ndi zaka 9, pano ndimapita ku usipa usiku. Kodi zimenezi ndi zomwe timachita ifezi? Anzanga amandiseka akuti bwato ndi la amphawi, masewera ndi mpira basi. (Mnyamata wa ku Makawa)

Mphwanga, anzakowo asakufooketse ayi. Zimene unaonazo ndi masewera enieni ndipo analowa mu Olympics mu 1936 ku Berlin, mpaka lero alipo. Ali mitundu iwiri. Pali kayaki, munthu amakhala pansi miyendo kutsogolo, nkhafi yake imakhala yophwatalala mbali zonse ziwiri nde amangosinthasintha uku ndi uku. Kenako pali yomwe amaitcha canoe, imeneyi wopalasa amagwada bondo limodzi ndipo nkhafi ndi ya mbali imodzi ngati yathuyi. Pa madzi odekha amathamanga mitunda ngati mamita 200, 500 ndi 1000, ndiye palinso ina ya m'madzi othamanga yokhotakhota pakati pa timitengo tolendewera.

Tsono tamvera. Kuwongola bwato ukupalasa mbali imodzi yokha, kupotoza nkhafi kumapeto kwa mpalaso kuti mutu wa bwato usakhote, ndi luso lomwe anthu akunjawo amalipira ndalama kuti aphunzitsidwe, iwe unaliphunzira ulere kwa akuluakulu apadoko. Ndipo bwato lathuli ndi lovuta kuposa momwe anthu amaganizira, kukamwa kwake kopapatiza, umakhala pamwamba pa milomo yake miyendo yokha ili mkati, ukangosunthira mbali pang'ono lagudubuka. Taganiza za siginala, msodzi woitana nsomba uja, yekhayekha pakati pa nyanja usiku ndi nyali zake, kukokera usipa pamalo amodzi mpaka anzake azungulize ukonde wa chilimira. Munthu ameneyo umuuze kuti alibe luso?

Koma ndisakunamize, liwiro la pa mpikisano ndi nkhani ina. Timabwato tawoto ndi topepuka moti munthu mmodzi amanyamula paphewa, pomwe lathu kulikokera kumtunda mpaka muitanizane anthu angapo. Kupalasa kwa usodzi ndi kosunga mphamvu kuti ufike m'mawa, kwa mpikisano ndi kothira mphamvu zonse m'mphindi zochepa. Koma thupi uli nalo kale, madzi sumawaopa, chotsala ndi kuphunzira. Ku South Africa kuli mpikisano wa Dusi, unayamba mu 1951, amachoka ku Pietermaritzburg kukafika ku Durban masiku atatu, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, malo ena amachita kunyamula bwatolo nkuthamanga nalo. Ndipo mayi wina wakomweko, Bridgitte Hartley, anapata mendulo ya bronze ku London mu 2012. Ife tili ndi nyanja yotalika makilomita opitirira 500, tili ndi Malombe, tili ndi Shire, zimandipweteka mtima kuti ana athu amangoonera pa foni.

Yambani nokha. Tsiku lomwe simukupita kokoka, kumanani anyamata apadoko, dziwitsani amfumu ndi a komiti ya padoko, ikani zigubu ziwiri zoyandama pafupi ndi gombe ngati malire, mabwato ofanana kukula apikisane okhaokha, boti la injini likhale pambali kudikira wogwa. M'mawa nyanja ili bata. Anthu adzabwera okha kudzaonera, ukudziwa kwathu kuno phokoso likangomveka kudoko aliyense amathamangira.

Malume, ndimagwira ntchito pa Boma, ndikufuna kutenga ana anga awiri ku Cape Maclear tchuthi cha Ogasiti akakwere kayaki. Ineyo kusambira sindidziwa ndipo ndili ndi mantha. Ndipite kapena ndisiye? (Mayi wa ku Mpondasi)

Pitani mayi, ana asakule akuona ngati nyanjayi ndi ya alendo okha. Koma mwezi mwasankhawo ndi nthawi ya mwera. Mphepo imeneyi imachokera kummwera chakum'mawa, imavuta kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti ndithu, nthawi zina imawomba masiku angapo osalekeza, ndipo nyanja yomwe inali ngati galasi imatha kusintha musanamalize nkomwe kudya chinangwa chanu. Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear komweko, ndi malo obisikako chifukwa cha mapiri ndi zilumba, komabe musadalire zimenezo. Funsani asodzi apagombe tsiku lomwelo, akakuuzani kuti lero ayi ndiye kuti ayi, ngakhale mutalipira kale.

Jekete yoyandamitsa ija aliyense avale, yokwana bwino, yomanga malamba, osati kungoikhalira. Akakuuzani kuti zatha musakwere. Mwana aliyense akhale m'kayaki ya anthu awiri ndi wamkulu wodziwa kupalasa, ndipo tsiku loyamba ingoyendani m'mbali mwa gombe, za ku chilumba cha Thumbi kapena Domwe zidikire, pamaso zimaoneka pafupi koma mikono ndi imene imadziwa mtunda wake. Funde likabwera mulilozetse mutu wa bwato, musalipatse nthiti. Bwato likagudubuka ligwireni osalisiya, anthu ambiri amamira poyesa kusambira kupita kumtunda.

Malowa ali mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba ta mawangamawanga tokhala m'miyala tija. Ana akaziona m'madzi oyera mbee sadzaiwala. Mukabwerako musaiwale nkhani ya likodzo, pakapita masabata angapo pitani kuchipatala akakuoneni, mankhwala ake alipo a praziquantel. Ndipo chonde, zoti poti ana azolowera akayesere mu Shire kuseri kwa nyumba, ayi, kumeneko kuli ng'ona ndi mvuu.

Malume, agogo anga akuti mkazi sagwira nkhafi, akuti bwato limachita tsoka nsomba osagwidwa. Ine ndili Fomu 2 ndipo ndimafuna kuphunzira. (Mtsikana wa ku Malindi)

Mwanawe, agogo usawayankhe mwano, chimenecho anachipeza kwa makolo awo ndipo m'madoko ambiri chikhulupiriro chotere chilipo. Koma nkhafi simasankha mkono. Akazi akhala akupikisana pa kayaki ku Olympics kuyambira 1948, ndipo pa masewera a ku Tokyo omwe anachitika mu 2021 analowanso mu canoe ija yogwada. Njira yabwino ndi iyi, usalimbane ndi bwato lokaphera nsomba lomwe mwini wake ali ndi miyambo yake, pempha amalume kapena achimwene ako akuphunzitse ndi lina pamadzi osaya, masana anthu akuona. Koma yamba kaye kusambira.

Malume, ndine wosema mabwato, ndakalamba tsopano. Mitengo ikuluikulu inatha, ana akungofuna maboti a matabwa ndi injini. Kodi ntchito yathuyi ifera m'manja mwathu? (Bambo wa ku Makanjira)

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mukunena zoona. Kale munthu amalowa m'nkhalango nkusankha mtengo ngati mbawa, wowongoka, woti anthu awiri kuukumbatira manja osakumana, bwato lake limakalamba ndi mwini wake. Lero tikuona mabwato a mango ndi mitengo ina yofewa, zaka zowerengeka layamba kale kuchucha, zigamba za malata ndi pulasitiki thupi lonse, mwana mmodzi ntchito yake kungokapa madzi ulendo wonse. Ndipo mango akadulidwa ndi chakudya cha ana chomwe chapita, zonsezi zimandidandaulitsa.

Anzathu ena anapeza njira zawo. Ku Botswana, ku Okavango, bwato lawo amalitcha mokoro, ambiri pano amapangidwa ndi faiba koma maonekedwe ndi akale omwe aja, cholinga kupulumutsa mitengo. Ku Zambia a Lozi ali ndi mwambo wa Kuomboka, madzi akasefukira mfumu yawo Litunga imasamuka ku Lealui kupita ku Limulunga pa bwato lalikulu la Nalikwanda, amuna ambirimbiri akupalasa motsatira ng'oma, ndipo kusankhidwa kukhala wopalasa ndi ulemu waukulu. Kumeneko mnyamata sachita manyazi ndi nkhafi.

Kwa ine chomwe ndikuopa kwambiri kutaya ndi zomwe zili m'mutu mwanu bambo, kudziwa mbali ya mtengo yoti ikhale pansi, kugogoda ndi kumva kuti apa pakadali pochindikala apa ndisiye, kusema mutu woti uzidula funde bwino. Zimenezi sizilembedwa paliponse pomwe mdzukulu wanu angakaziwerenge. Mukapeza mtengo wovomerezeka ndi a zankhalango, musaseme nokha, itanani anyamata awiri atatu agwire nawo kasemasema kuyambira tsiku loyamba mpaka lokalowetsa m'madzi, wina azijambula pa foni mukufotokoza m'Chiyao momwe mumayankhuliramo, ndi maina onse a zida ndi mbali za bwato. Ndipo pamene mwadulapo dzalanipo mbawa zingapo mvula ikayamba, muzitchingire ndi minga mbuzi zisadye.