Tochi ya mutu wokhota: kodi n'koyenera kudikira yatsopanoyo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Mzuzu amene amakonza mafiriji. Iye waona zithunzi za tochi ya LED ya mutu wokhota imene kampani ina yalengeza kuti iyamba kugulitsa posachedwapa, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kusunga ndalama n'kuidikira, kapena angogula ina imene ilipo kale. Achimwene, funso lanu landikhudza kwambiri chifukwa landikumbutsa usiku wina umene sindidzauiwala.

Tinali pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, nthawi itadutsa kale 9 koloko, pamene magetsi a galimoto yanga anazima mwadzidzidzi. M'galimotomo munali mayi anga okalamba ndi ana awiri. Ndinatsegula boneti, ndinatenga tochi yowongoka imene ndinagula pamsika, ndipo popeza ntchitoyo inafuna manja onse awiri, ndinailuma ndi mano. Nsagwada zinapweteka, malovu ankatsikira pachibwano, ndipo nthawi iliyonse imene ndinkatembenuza mutu kuti ndiyankhe mayi, kuwala kunkachoka pamene ndinkagwira. Choipa koposa chinali mtundu wa kuwalako. Kunali kotuwa kopita ku buluu, moti waya wofiira ndi wabulauni ankaoneka ngati amodzimodzi. Ndinalumikiza wolakwika, fyuzi ina inapsa, ndipo tinakhala pamenepo mpaka pakati pa usiku, mayi akunjenjemera ndi chisanu cha ku Dedza. Patapita miyezi iwiri msuweni wanga wa ku Johannesburg ananditumizira tochi ya mutu wokhota, ndipo kuchokera nthawi imeneyo sindinagulenso yowongoka.

Ubwino wa tochi ya mutu wokhota uli m'maonekedwe ake enieniwo. Thupi lake ndi loongoka, koma diso lake limayang'ana cham'mbali ngati chilembo cha L, choncho mutha kuikoleka pathumba la malaya n'kuwalitsa kutsogolo, kuiimika patebulo ngati kandulo, kuimanga pamphumi ndi lamba, kapena kuimata pachitsulo ngati ili ndi maginito kumchira. Nzeru imeneyi si yatsopano ayi. Asilikali a ku America ankanyamula tochi yotchedwa TL-122 pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo pa nkhondo ya ku Vietnam ankakoleka pachifuwa ina yotchedwa MX-991/U, ya mabatire awiri aakulu onga amene tinkaika m'mawailesi. Chimene chasintha ndi gwero la kuwala. Mu 1993 Shuji Nakamura, amene ankagwira ntchito kukampani ya Nichia ku Japan, anapanga LED yabuluu yowala kwambiri, ndipo mu 2014 iye pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. LED yoyera imene ili m'matochi athu kwenikweni ndi yabuluu yomweyo, yokutidwa ndi mankhwala achikasu amene amasintha gawo la kuwalako. Mankhwalawo akakhala otsika mtengo, mitundu yofiira imafa, ndipo n'zimene zinandichitikira pa msewu paja.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikaona anthu akuthamangira nambala ya ma lumen, muyezo wa kuchuluka kwa kuwala, yolembedwa pabokosi. Ndikunena mosabisa kuti nambala imeneyo yasocheretsa ogula ambiri kuposa china chilichonse. Malinga ndi muyezo wa ANSI FL1 umene makampani ambiri amatsatira, kuwala kumayezedwa patangopita masekondi 30 tochi itayatsidwa, ndipo nthawi imene batire limakhalitsa imawerengedwa mpaka kuwalako kutatsika kufika pa 10 peresenti ya mmene kunalili poyamba. Tochi yaing'ono ya aluminiyamu singathe kutaya kutentha kwa ma lumen 2,000 kwa nthawi yaitali, choncho pakapita mphindi zochepa imadzitsitsa yokha kuti isapse. Inu mukawerama kuseri kwa firiji mukuyang'ana kompresa, kuwala kwa ma lumen 100 kapena 200 kukukwanirani, ndipo kopitirira apo kumangobwerera m'maso mwanu kuchokera pachitsulo choyera. Chimene muyenera kufufuza ndi nambala ya CRI, imene imasonyeza mmene kuwala kumaonetsera mitundu ya zinthu. Matochi wamba amakhala cha m'ma 70, pamene ma LED monga Nichia 519A amapitirira 90. Sankhaninso kuwala kwa pakati pa 4000K ndi 5000K (nambala yosonyeza mtundu wa kuwalako), kosatuwa kwambiri komanso kosafiira kwambiri.

Tochi yangayo ndinaidziwa bwino mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130. M'miyezi ya kuzimazima imene inatsatira, ndinkaimata pachitsulo cha zenera kukhitchini, mayi a kunyumba n'kuphika nsima manja ali omasuka, kenako ana n'kuitengera patebulo kukalemba ntchito ya kusukulu. Ndikaiika pa kuwala kochepetsetsa inkatha mausiku angapo osaitchaja. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti batire ndi theka la tochi. Yanga imagwiritsa ntchito batire la 18650, limene dzina lake likutanthauza mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali. Mabatire enieni a mtundu umenewu amafika cha m'ma 3,500 kapena 4,000 mAh basi (muyezo wa mphamvu imene batire limasunga), ndiye mukaona lolembedwa 9,900 mAh dziwani kuti ndi bodza, ndipo batire lachinyengo la lithium likhoza kuyaka moto m'nyumba. Ndimadananso ndi matochi amene amafuna batire lawolawo kapena chingwe chotchajira cha kampani imodzi yokha, chifukwa chikaduka muli ku Mzuzu mudzadikira miyezi kuti china chifike, pamene chingwe cha USB-C chili m'thumba la aliyense amene ali ndi foni ya masiku ano.

Nanga mudikire kapena ayi?

Ine ndikuti musadikire. Tochi imene sinafike m'manja mwa ogula imadziwika ndi zithunzi za otsatsa malonda okha, ndipo zolakwika monga switchi yovuta kapena batire lomatha lokha tochi ili yozimitsa zimaoneka anthu ataigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo. Makampani monga Skilhunt, Sofirn, Armytek ndi Zebralight ali kale ndi matochi a mutu wokhota amene anthu ambiri awayesa. Pantchito yanu sankhani ya CRI yopitirira 90, ya maginito kumchira, yobwera ndi lamba wa pamphumi, ya batire lochotseka. Ngati mumapita kumidzi kumene kulibe potchajira, ganizirani yaing'ono imene imalandira batire lotchajika la 14500 komanso la AA, limene mungalipeze pa okala iliyonse. Yatsopanoyo ikatuluka, onani kaye zimene oyesa odziimira paokha apeza zokhudza kuwala kwake pakapita ola lathunthu, ndipo ikapambana mudzagule, iyi n'kutsala kunyumba.