A khansala akuti ndisoke maovololo, mapepala abwera pambuyo: ndiyambe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi shopu ya utelala. Akuti a khansala a kudera kwawo anawapeza n'kuwauza kuti khonsolo ya mzinda ikufuna maovololo 60 a anthu osesa m'misika, choncho ayambe kusoka msanga, za mapepala aziona pambuyo. Akufunsa ngati kuli bwino kukatenga ngongole ku banki mkhonde kuti agule nsalu.

Mayi, musagule nsalu ngakhale mita imodzi mpaka mutagwira pepala m'manja. Mwina a khansalawo akukufunirani zabwino ndithu, koma mphamvu yogulira khonsolo katundu alibe. Ntchito ya makhansala, ngakhale mfumu ya mzinda imene, ndi kuvomereza bajeti ndi kulondoloza mmene ndalama zikuyendera. Ogula ndi ogwira ntchito amene ali pansi pa mkulu wa khonsolo. Zili chimodzimodzi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, chifukwa ndalama za misonkho ya malo ndi ziphaso za m'misika ndi za anthu onse. Lamulo loyendetsa kagulidwe ka katundu wa boma linabwera mu 2003, ndipo la 2017 linakhazikitsa bungwe loyang'anira kagulidweka la PPDA m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP. Makhonsolo nawonso amamangidwa ndi malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma.

Maovololo anu akanayenda chonchi. Nthambi imene imayang'anira osesa imalemba pempho. Ofesi yogula katundu imaona ngati zinthuzo zili pa ndondomeko ya chaka komanso ngati ndalama yake ilipo. Poti oda yake ndi yaing'ono, safunika kulengeza tenda mu The Nation kapena The Daily Times ngati mmene amachitira ndi misewu. Amaitanitsa makotesheni kwa ogulitsa osachepera atatu. Komiti ya mkati mwa khonsolo yoona zogula, yotchedwa IPDC, ikavomereza, wopambana amapatsidwa LPO, pepala lokhala ndi nambala, kuchuluka kwa katundu, mtengo ndi masiginecha. Pamenepo ndiye poyatsira makina.

Ndikulimbikira za pepalali chifukwa ndinaona ndi maso anga. Mlamu wanga anapereka matumba a simenti ku khonsolo ina atangouzidwa pafoni ndi bwana wina kuti ntchito ndi yachangu. Anatsitsa yekha mu lole, mlonda n'kumulembera risiti pa kapepala kong'amba mu kope. Patatha miyezi itatu bwana uja anasamutsidwa. Wolowa m'malo anamulandira mwaulemu, n'kumufunsa nambala ya LPO. Inalibe. Ku akaunti anamuuza kuti sangalipire chinthu chimene m'mabuku mwawo mulibe, chifukwa ofufuza mabuku a boma akabwera wolakwa akhala iwo. Ndimakumbukira mmene mlamu wangayo ankakhalira pa benchi ya pakhonde, envulopu yakhaki itafewa ndi thukuta m'manja, kuyambira m'mawa mpaka oweruka atayamba kutseka mawindo. Anagulitsa njinga yamoto kuti abweze ngongole.

Tsono nthawi imene mukanathera posoka muithere pokonza mapepala anu. Bizinesi ikhale yolembetsedwa ku boma. Ku MRA mutenge nambala ya msonkho yotchedwa TPIN ndi kalata yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Kenako mulembetse ku PPDA kuti mukhale ndi satifiketi ya wogulitsa ku boma, komanso mutsegule akaunti ya ku banki m'dzina la bizinesi. Mu 2020 boma linatulutsa lamulo lopereka mwayi kwa mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati pa zogula za boma, koma lingakuthandizeni pokhapokha muli m'kaundula.

Polemba kotesheni, mulembepo kuti mtengowo ugwira ntchito kwa masiku angati. Amene anali ndi maoda mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akudziwa kuwawa kwake: mtengo wa nsalu unakwera, wa pa LPO unakhala pomwepo. Muwerengerenso kuti polipira amadulako msonkho, ndipo malipiro a khonsolo amatha kuchedwa ngakhale zonse zili m'malo mwake. Ine ndiye ndimaopa ngongole ya banki mkhonde pa ntchito yotere, chifukwa chiwongoladzanja chake sichidikira cheke. Tsiku lopereka katundu, wosunga katundu awerenge maovololo onse inu muli pomwepo, asaine, inu mutsale ndi kope yanu, kenako mupereke invoisi.

Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti kotesheni yanu idutse, kapena kuti mubweretse makotesheni atatu onse nokha m'maina osiyana, mukane. Zimenezo ndi katangale, ndipo a ACB akabwera dzina lopezeka pa mapepalawo ndi lanu.

A khansala muwathokoze chifukwa chokutsinani khutu, ndipo Lolemba mupite nokha ku maofesi a khonsolo, mukafunse ofesi yogula katundu ngati pali pempho la maovololo ndi tsiku lomaliza kulandira makotesheni.