Bwana akati "mundipeze mawa", tulo timathawa

Mayi wina wogwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina kuno ku Zomba wanditumizira kalata pa imelo. Akuti bwana wake akangonena kuti "mundipeze mawa m'mawa", usiku wonse amachezera kutembenuka, chifukwa m'maganizo mwake amakhala atachotsedwa kale ntchito, alandilodi a ku Matawale atamutulutsira katundu panja, ana atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Akufunsa ngati wayamba misala.

Mayi, imeneyo si misala ayi. Ndi nkhawa, imene ambirife timangoitcha kuganiza kwambiri. Ubongo ukaganizira choopsa, thupi limatulutsa timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline ndi cortisol ngati kuti choopsacho chafika kale, n'chifukwa chake mtima umagunda mwamphamvu ndipo m'mimba mumapotokola. Msampha wake ndi wakuti kugunda kwa mtimako mumakuyesa umboni woti zinthu zaipadi, chikhalirecho chimene chachitika ndi chimodzi chokha: bwana wakuitanani.

Usiku wotero dzukani, mutenge kope ndi cholembera. Mbali imodzi mulembe zimene zachitikadi, mbali inayo zimene mwawonjezerapo nokha, kenako mudzifunse kuti bwanayu wakuitananipo kangati chiyambireni ntchito, ndipo maulendo onsewo nkhani inali yotani. Mwina mupeza kuti nthawi zambiri ankafuna lipoti kapena fayilo. Kufunsa maganizo ako umboni motere ndi phata la chithandizo chimene dokotala wa ku America, Aaron Beck, anayambitsa m'zaka za m'ma 1960.

Nanga choopsacho chitachitikadi? Apa ndimaona kuti ambiri timaopa kwambiri chifukwa sitinawerengepo malamulo a ntchito. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limati munthu sangachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayenera kupatsidwa mpata woyankhapo kaye. Sindikunena kuti mabwana onse amatsatira zimenezi, koma ofesi ya leba ilipo, khothi loona za ntchito la Industrial Relations Court liliponso. Pakati pa kuitanidwa ndi kutulutsidwa m'nyumba pali mtunda wautali umene nkhawa imakudumphitsani.

Muzipatulanso mphindi 15 madzulo, musanadye nsima, zoti mudandaule ndi kulemba zonse zokuvutani. Ganizo likabwera muli pabedi, liuzeni kuti nthawi yake ndi mawa. Tiyi ndi khofi wausiku musiye.

Koma ngati patha milungu ingapo musakugona, chakudya chisakulowa, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, musadikire. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite naye ku Zomba Central Hospital kapena ku Zomba Mental Hospital. Ndikudziwa kuti dzina lachiwirili ena amachita nalo manyazi, koma kumeneko amathandizanso anthu ongoyendera, amene amaonana ndi adokotala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.