Funsani Makaniko: Range Rover ya ku Britain Kapena Land Cruiser ya Kumunda?

Funso: A Makaniko, ine ndimakhala ku Chelstone kuno ku Lusaka, koma munda wanga uli kumudzi kupitirira Petauke, ndipo ndimapitako kawiri pa mwezi ngakhale m'dzinja. Mlamu wanga wa ku Birmingham akufuna kunditumizira Range Rover yomwe inagwirako kale ntchito, pomwe ine mtima uli pa Land Cruiser 76, ngakhale ana akuiseka kuti imaoneka ngati ambulansi ya kumishoni. Mlamuyo akuti Land Cruiser imeneyi kwawoko saigulitsa n'komwe. N'chifukwa chiyani, nanga ndisankhe iti? Ndine wowerenga wanu wa ku Chelstone.

Yankho: Bambo, ana anuwo sananame, pakuti zipatala za kumidzi ndi mabungwe othandiza anthu akhala akudalira Land Cruiser za gulu la 70, momwe muli 76 yanuyo, kwa zaka zambiri. Toyota inayamba kuzipanga mu 1984, ndipo mpaka lero maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni. Zimagulidwa kwambiri ku Australia, ku South Africa, m'maiko a Aluya ndi kuno kwathu, komwe mlimi kapena wa kumigodi amafuna galimoto yonyamula katundu pa msewu wa miyala. Ku Ulaya malamulo a utsi ndi a chitetezo cha okwera ndi okhwima, kotero opanga magalimoto anasiya pang'onopang'ono kugulitsako magalimoto olimba osavuta kukonza. Land Rover inasiya kupanga Defender yakale ija mu 2016, ndipo yatsopano, yomwe imapangidwa ku Slovakia, ndi ya anthu a ndalama. Mercedes G-Class nayonso, yomwe inayamba mu 1979 ngati galimoto ya ntchito zolemetsa, lero yambiri imangozungulira m'mizinda.

Musaganize kuti Range Rover imaopa matope. Ikakhala bwinobwino imakwera malo omwe angakudabwitseni, ndipo pa phula la Great East Road mungafike ku Petauke msana usanamve kanthu. Vuto lake limayamba tsiku lomwe yadwala. M'malo mwa masipuling'i achitsulo imakhala pa matumba a mpweya olamulidwa ndi kompyuta, ndipo thumba limodzi likabooka kapena pampu yake ikafa, galimoto imagwada. Za dizilo za ku Ulaya zimakhalanso ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi, yomwe imatsekeka msanga mafuta akakhala akuda. Zonsezi zimafuna makaniko wokhala ndi makina oyezera, ndipo wotereyu mungamupeze kuno ku Lusaka, osati pansi pa mtengo wa mango makilomita 400 kum'mawa, feteleza ali m'galimoto, mvula ikugwa.

Land Cruiser 76 zambiri zomwe zili m'misewu yathu zili ndi injini ya dizilo yotchedwa 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yopanda turbo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini. Ndi yaulesi ndithu, moti pa zitunda za kufupi ndi mlatho wa Luangwa mudzaphunzira kuleza mtima kumbuyo kwa malole, ndipo masipuling'i ake akumbuyo amagwedeza munthu galimoto ikakhala yopanda katundu. Koma makaniko wa ku Nyimba kapena ku Katete amaidziwa ngati khasu lake, ndipo masipeya ake savuta kupeza. Dziwaninso kuti siitsika mtengo msanga, choncho ngakhale yakale mudzailipira ndalama zambiri, zomwe mbali yake idzabwerera tsiku lomwe mudzaigulitse.

Kwa ulendo wanuwo ine ndikanatenga 76. Ngati amayi kunyumba sangapirire kugwedezekako, ganizirani za Land Cruiser Prado yochokera ku Japan, yolowera pa doko la Dar es Salaam ndi pa malire a Nakonde, chifukwa ili pakati pa ziwirizi ndipo amakaniko athu anaizolowera. Wina akakunyengererani ndi yotchipa ya ku Dubai, yambani mwafunsa mbali yomwe kuli chiwongolero, popeza zambiri za kumeneko n'zamanzere, zovuta kupitirira nazo lole pa msewu wathu.

Mukalephera kuwakanira alamu anu, muwapemphe akujambulireni kunsi kwa galimotoyo musanalipire msonkho ku ZRA, bungwe la boma lotolera misonkho. Ku Britain amathira mchere m'misewu nyengo yozizira, ndipo dzimbiri lake limayambira kunsi komwe wogula sayang'ana.