Kwacha inandigwera ndili m'basi ya ku Songwe

Achemwali, za ngongole ya banki mkhonde yoti mukapikulire katundu ku Dar mukufunsazi, mtima wanga wachita kudumpha. Ine zinandionekera mu November 2023. Ndinasonkhanitsa K3 miliyoni, ina mpamba wanga wa zitenje ndi nsapato, ina ya ku gulu, n'kupatsa bambo wina amene ankatisinthira amayi ambiri a mumsika mwathu. Umamupatsa makwacha kuno, iwe n'kukwera basi chimanjamanja, mashilingi umakawapeza kwa mnzake ukangowoloka boda. Ku banki tikanapita kukatani? Madola kunalibe, ankangoti lembetsani dzina mudikire.

Pa 8 November usiku, tili m'basi, mafoni anangoyamba kulira paliponse. Reserve Bank yalengeza kuti kuyambira mawa lake dola ichoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ati kwacha yatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mayi wina mpando wakumbuyo anayamba kulira mokweza, ine n'kumamutonthoza, pajatu ndimadziwa kuti zanga ndinapereka kale ndipo reti tinagwirizana.

Kutacha tawoloka pa Songwe, ndafika ku Kasumulu, mbali ya ku Tanzania, ndikuimbira mnzake uja. Akuti sanauzidwe kanthu. Ndiimbire mwini wakeyo, foni ikungoitana. Ndinakhala pa benchi ya mayi wogulitsa tiyi, dzuwa la ku Karonga lija mukulidziwa, chikwama chopanda kanthu pamiyendo, anzanga akukwera mabasi a ku Mbeya mmodzimmodzi. M'thumba munali yongokwanira chakudya ndi yobwererera basi. Tiyi amene ndinagula anazizira osamwa. Madzulo ndi pamene bambo uja anayankha, mawu ozizira ngati palibe chachitika, amvekere mayi zinthu zasintha, ngati mukufuna mashilingi ndikupatsani pa reti yatsopano, apo ayi mudzatenge makwacha anu. Reti yatsopano ya chiyani pa ndalama imene unalandira kwacha isanagwe? Ndikudziwa anali atagula kale madola ndi ndalama zathu, kugwa kwa kwachako iyeyo kunamulemeretsa. Munthu wake wopemphera, woyimba kwaya! Mpaka lero ndikamuona mumsika ndimachita kutembenuka.

Ndinalandira pa reti yakeyo chifukwa kubwerera wopanda kanthu kukanaposa. Ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar, ndinagula katundu woti ndikananyamula pamutu. Pobwerera msonkho wa pa boda nawo wakwera, poti amawerengera pa dola. Petulo anali atachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, basi nayo yakweza, minibasi yakweza, wa kabaza yemwe. Ndafika pa benchi panga ndakweza mitengo, makasitomala akungogwira chitenje n'kuchisiya. Ndiwadzudzule bwanji, malipiro awo sanasunthe pamene sopo, mafuta ophikira ndi shuga zinali zitalumpha. Munthu ayamba chitenje kapena ufa? Ku gulu nakonso chiwongoladzanja sichinamve zoti kwacha yagwa. Loweruka lililonse amayi ali pakhonde ndi kope lawo. Ndinagulitsa filiji kuti ndisachite manyazi.

Ndipo musanamizidwe kuti zinali za ulendo umodzi. Mu 2012, nthawi ya mayi Joyce Banda, inagwa, mu May 2022 inagwanso ndi 25 peresenti, kenako iyi. Amatiuza kuti a IMF, bungwe lobwereketsa mayiko ndalama, akatsegula thumba madola apezeka. Ngongole ya dziko lathu a IMF-wo anaivomereza mwezi womwewo wa November 2023, koma ife a geni madola ku banki sitinawaone. Pa pepala dola inakhazikika pa K1,751, pamene pa blaki mu 2025 inadutsa K4,000, mpaka anzathu a kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe chifukwa cha mtengo wa belo. Dziko loitanitsa kunja mafuta, feteleza, mankhwala, n'kumadalira fodya kuti abweretse madola, mukuti kwacha ilimba ndi chiyani?

Ndiye ine ndinganene kuti ngongole ya katundu wakunja isiyeni. Komanso makwacha musawasunge, kaya ku banki kaya pansi pa matiresi, amasungunuka mukuona. Ngati mwatenga ndalamayo, pitani sabata yomweyo, musadikire kutha kwa mwezi, ndipo mukagulitsa muziwerengera mtengo wokaodanso, osati umene munagulira. Anthu osinthawa musawakhulupirire ngakhale pang'ono. Koma poti ku banki simukapeza kanthu, funani amene amakupatsani dzanja ndi dzanja pa boda pomwepo, muwerenge mashilingi anu musanatulutse makwacha. Ena akuuzani kuti mulemberane reti pa pepala. Lembani ndithu, kungoti wanga uja naye analemba, n'kusaina.