Vidiyo ya ukwati ikutenga usiku wonse pa laputopu: ntchito tiichepetse pati?

Wojambula maukwati wina watilembera kuti vidiyo ya maola awiri ya 1080p ikumutengera usiku wonse kuti aipanikize mu HandBrake, pulogalamu yochepetsera kukula kwa mafayilo a vidiyo, ndipo magetsi akathima amayambiranso pachiyambi. Akufunsa ngati agule kompyuta ina.

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Choyamba dziwani chimene chikudya nthawi. Enikoda ya x264, mbali ya pulogalamuyi yomwe imapanikiza vidiyo mu mtundu wa H.264, siisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imachidula m'timagawo ta madontho 16 mbali zonse, n'kumasaka pamene kagawo kalikonse kanali m'zithunzi zina, kuti ilembe zimene zasintha zokha. Kusaka kumeneku ndiko kumatopetsa purosesa, makamaka pa pelekanipelekani, pamene aliyense akuvina kamera ikugwedezeka.

Tsono fupikitsani kusakako. Pa Encoder Preset, chokani pa slow kapena medium mupite pa veryfast. Medium imayerekeza ndi zithunzi 3 ndipo imasuzumira zithunzi 40 zam'tsogolo, pomwe veryfast imayerekeza ndi chimodzi, n'kusuzumira 10 zokha. RF, nambala yosankhira kukongola kwa chithunzi, muisiye pa 22. Chithunzi chimatsikako pang'ono, koma pa foni ndi ochepa angaone. Ultrafast yokha ndiye ayi. Imazimitsa CABAC ndi ma B-frame, njira zochepetsera kukula kwa fayilo, komanso sefa yosalaza malire a timagawo, motero fayilo imatupa ndipo nkhope ya mkwatibwi imaoneka timabokosi.

Ngati munasankha H.265, mtundu watsopanoko wopanikizira vidiyo, bwererani ku H.264. H.265 imayesa njira zambirimbiri zodulira gawo la madontho 64, ndipo laputopu yakale imapuma wefuwefu.

Dzifunseninso kuti vidiyoyo ikaoneredwa pati. Chithunzi cha 1080p chili ndi madontho 2,073,600, cha 720p chili ndi 921,600, osafika theka. Kope lopita pa WhatsApp lisapitirire 720p.

Pa Filters, ngati NLMeans, sefa yochotsa timadontho tosokoneza pa chithunzi, yayatsidwa, izimitseni pokhapokha munajambula mumdima, imachedwetsa zedi.

Pa mndandanda wa maenikoda, onani ngati pali Intel QSV (Quick Sync) kapena NVEnc ya Nvidia, zomwe zimapereka ntchitoyi ku kachipangizo kapadera kopanikizira vidiyo. Intel inayamba kuika Quick Sync m'mapurosesa ake mu 2011, choncho yanunso mwina ili nayo. Njira imeneyi imathamanga kwambiri, kungoti kuti chithunzi chikongole mofanana fayilo imakulirapo, makamaka pa zipangizo zakale.

Laputopu ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro. Iikeni pa thebulo, osati pa matiresi, chaja ili cholumikiza, ndipo fumbi la pa fani mulichotse. Za magetsi, gawani vidiyoyo m'zigawo za mphindi 30 mu Queue, mndandanda wa ntchito zodikira, kuti akathima mutaye chigawo chimodzi chokha. Musanayambe zonsezi, yesani kaye mphindi imodzi ya pamene pali gule wambiri, muone pa foni ngati nkhope zikuoneka bwino.