Ndinathyoka chiuno pogwa pa hatchi, ndidzakweranso liti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wathu amene amagwira ntchito ya mahatchi kumpoto kwa Johannesburg, chakufupi ndi Kyalami, kumene Amalawi ambiri amasesa m'makola, kudyetsa ndi kuthamangitsa mahatchi a eni ake m'mamawa. Dzina ndalisunga. Akuti hatchi yomwe ankaiphunzitsa inaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kugwa chagada, iye ali pamsana. Mafupa a m'chiuno anathyoka. Kuchipatala anamuchita opaleshoni, kutsogolo anaika chitsulo, kumbuyo sikuluwu yaitali. Papita masabata 10, akuyenda ndi ndodo imodzi, ululu wachepa. Abwana ayamba kufunsa tsiku lobwerera, kumudzi nako ana akudikira fizi. Ndiye akufunsa kuti: "Ndingakwerenso mwezi wamawa? Nanga ndidzakweranso ngati kale?"

Pepani kwambiri achimwene. Hatchi yaikulu imalemera makilogalamu 450 mpaka 500, ndipo m'chiuno muli mitsempha ya magazi yambiri moti munthu akhoza kutha magazi m'kati popanda bala looneka kunja. Kuti lero mukulemba kalata muli chiimire, tiyamike. Za kukweranso, mtima ukhale m'malo, ambiri ovulala ngati inu amabwerera pamsana pa hatchi. Koma za mwezi wamawazo, ayi ndithu. Ndikufuna mumvetse chifukwa chake, kuti abwana akafunsanso mukhale ndi chowayankha.

Mafupa a m'chiuno ndi ozungulira. Mbali ziwiri zimakumana kutsogolo pachinena, ndipo kumbuyo zimagwirana ndi fupa la kumunsi kwa msana. Ali ngati chibangili cholimba, chimene mukachipanikiza sichithyoka pamodzi pokha, chimasweka pawiri. N'chifukwa chake muli ndi zitsulo kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pachinenapo mafupa awiriwo amatalikirana mamilimita 4 kapena 5 basi, ndipo chowagwira ndi mitsempha yolimba yomanga mafupa. Mpatawo ukapitirira masentimita 2.5, madokotala amadziwa kuti mitsemphayo yaduka, chiuno chatseguka. Pamapepala anu mwina alembapo kuti open book, kutanthauza kuti chiuno chatseguka ngati buku.

Tsono onani chimene chishalo chimachita. Mukakhala pa hatchi mumatangadza miyendo, ndipo kutangadzako kumakankhira mafupa aja mbali imene anatsegukira tsiku la ngozi. Minofu ya m'kati mwa ntchafu, imene mumapanira nayo hatchi, inamera pa fupa la pachinena, pomwe pali chitsulo chanu. Mukapana, ikukoka pomwepo. Hatchi ikamayenda, msana wake umapendeketsa chiuno chanu uku ndi uku, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo zonsezo zimathera pa sikuluwu ya kumbuyo ija. Munthu wa muofesi wothyoka ngati inu akhoza kubwerera kuntchito msanga. Inu ntchito yanu imagwira pabala penipeni.

Anthu amanamizika ndi X-ray. Fupa limagwirana pa masabata 8 mpaka 12, chithunzi n'kuoneka bwino, munthu n'kumati basi ndachira. Koma mitsempha yomanga mafupa imachira pang'onopang'ono kuposa fupa, ndipo pa X-ray sioneka. Chitsulo sichichiritsa, chimangogwirizira kuti thupi lipeze mpata wodzimanga lokha. Minofu nayo, itakhala miyezi iwiri kapena itatu osanyamula thupi, yafota. Taimani pagalasi muyerekeze matako anu awiri ndi ntchafu zanu ziwiri, muona nokha mbali imene yaphwa. Kwa chiuno chothyoka kutsogolo ndi kumbuyo, ine ndimati osaganiza za chishalo miyezi 6 isanakwane, ndipo kwa ena chaka chimatha. Mawu omaliza ndi a dokotala amene anakuchitani opaleshoni, poti ndiye ali ndi zithunzi zanu. Koma mukapita, musangofunsa kuti "kodi ndingabwerere kuntchito?" Madokotala ambiri sanakhalepo pa hatchi. Muwauze momveka kuti ntchito yanu ndi kutangadza miyendo pa nyama yolemera theka la tani, imene ikhoza kudumpha kapena kukugwetsani. Yankho lawo likhoza kusintha.

Pali zina zimene simunalembe, koma ndizinena ndine, chifukwa amuna ambiri amafa nazo mumtima. Chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo zili kuseri kwenikweni kwa fupa la pachinena, ndipo mitsempha yopita kumaliseche ndi kumiyendo imadutsa m'chiuno momwemo. Chiuno chikathyoka, si zachilendo kuti mkodzo uzituluka mofooka kapena kudontha, kuti pena pachite dzanzi, kapena kuti mphamvu za m'nyumba zichepe. Sikulodzedwa, komanso si kuti umuna watha. Ndi mbali ya kuvulala komweku, ndipo alipo madokotala a njira ya mkodzo amene ntchito yawo ndi yomweyi. Zina zimabwerera zokha pakapita miyezi, zina zimafuna mankhwala kapena opaleshoni yaing'ono. Mukachita manyazi n'kumathamangira mankhwala a m'mabotolo ogulitsidwa pamsewu, mudzataya ndalama ndi nthawi. Nenani. Ndipo mayi a kunyumba muwafotokozere, asamaganize zina.

Izi zokha musadikire nazo tsiku lokaonana ndi dokotala: katumba wa mwendo umodzi akatupa, kutentha ndi kupweteka, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kubaya pachifuwa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa magazi amakonda kuundana m'mitsempha munthu akathyoka chiuno. Chimodzimodzi mkodzo ukakanika kutuluka, phazi likayamba kukwakwaza pansi, kapena bala likatuluka mafinya thupi n'kutentha.

Tibwere ku ndalama, poti ndikudziwa kuti chikukukankhirani pa chishalo si kukonda hatchi kokha. Munavulala muli pantchito, ndipo South Africa ili ndi lamulo la COIDA la 1993 loteteza ovulala pantchito. Wolemba ntchito amayenera kunena za ngozi ku Compensation Fund, thumba la boma la chipukuta misozi cha ovulala pantchito, pasanathe masiku 7, pa fomu ya W.Cl.2. Dokotala amalemba lipoti loyamba pa W.Cl.4, ndipo malipoti a mmene mukupezera amalemba pa W.Cl.5. Nthawi imene simungathe kugwira ntchito, lamulo limati mulandire 75 peresenti ya malipiro anu. Miyezi itatu yoyamba amalipira ndi abwana, iwo n'kukatenganso ku thumbalo, ndipo ndalama za kuchipatala zimalipiridwa mpaka zaka ziwiri. Funsani nambala ya kleimu yanu, ndiko kuti pempho lanu la chipukuta misozi. Ngati kulibe, pitani ku Labour Centre (ofesi ya boma ya zantchito) yapafupi ndi mapepala a kuchipatala, musadikire. Akakuchotsani ntchito chifukwa cha kuvulalaku popanda ndondomeko, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Mwezi wachitatu ukutha kumene, ndiye m'pomveka kuti mafunso a abwana achuluka. Ayankheni mwaulemu, koma ndi kalata ya dokotala m'manja. Mukakwera msanga chitsulo n'kusuntha, wobwerera ku thiyeta ndinu, ndipo pakhola adzaikapo munthu wina sabata yomweyo.

Mwina abale akuti bwerani mudzachirire kumudzi. Mtima umafuna, koma ganizirani kawiri. Basi yochokera ku Johannesburg kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete imatha tsiku lathunthu ndi kuposa muli chikhalire, zimene si zabwino kwa chiuno kapena kwa magazi aja. Komanso malipoti a kleimu amafuna dokotala amene akukuonani. Mukadzapita, nyamulani zithunzi zonse ndi kalata ya opaleshoni. Madokotala a mafupa alipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku LION, chipatala cha mafupa pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo a mafizo aliponso ku Kachere ku Blantyre.

Ntchito yanu yeniyeni miyezi ikubwerayi ndi mafizo. Ndodo musaitaye chifukwa cha manyazi. Kuyenda mowongoka ndi ndodo n'kwabwino kuposa kutsimphina popanda ndodo, chifukwa thupi likazolowera kutsimphina, msana ndi bondo zimayamba kudandaula. Minofu yofunika kwambiri ndi ya m'mbali mwa matako, imene imagwira chiuno kuti chisapendeke mukaima ndi mwendo umodzi, kenako ya pamimba, ndipo pomaliza ya m'kati mwa ntchafu. Yotsirizayi muiyambe mofatsa: mugone chagada, mawondo opinda, pilo pakati, mupane pang'ono, muwerenge mpaka 5, musiye. Wa mafizo akakupatsani zochita, muzichita tsiku lililonse kunyumba, osati tsiku lokumana naye lokha. Mukapeza dziwe losambira, kuyenda m'madzi ofika pachifuwa kumathandiza kwambiri dokotala akavomereza.

Fodya musiye, ndikunenetsa. Amachedwetsa fupa kugwirana. Mowa nawo uchepe, makamaka ngati mukumwa mankhwala a ululu. Idyani zomanga thupi: mazira, nyemba, mkaka kapena amasi, nsomba za m'chitini zodya ndi minga yomwe, ndi usipa kapena matemba mukawapeza kwa anzathu obwera nawo. Muziotherako dzuwa. Mankhwala a ululu a tramadol ndi codeine amamanga m'mimba, ndiye madzi ndi ndiwo zamasamba zisasowe.

Abwana akati bwerani muzingogwira zapansi, chenjerani, chifukwa zapansi si zopepuka. Thumba la chakudya cha mahatchi, wilibala yodzaza ndowe, mabelo a udzu, zonsezi zimadutsa m'chiuno. Hatchi yolusa ikakukokani ndi chingwe, kapena ikakupanikizirani kukhoma m'khola, simungadumphe monga kale. Zoyamba kugwira ndi monga kutsuka ndi kupaka mafuta zishalo ndi zingwe, kuyeza chakudya m'mabeseni, kulemba za mankhwala, ndi kupesa mahatchi okalamba ofatsa amene mukuwadziwa mtima.

Palinso mantha. Munthu amene hatchi inamugwera samaiwala mphindi ija imene khosi la hatchiyo linamudzera kumaso. Ena amalota, ena thukuta limatuluka akangomva ziboda pa simenti. Simuli nokha, ndipo si kufooka. Koma hatchi imamva. Wokwera wamantha amapana ntchafu, kugwira mpweya ndi kukoka zingwe, ndipo kukoka pakamwa ndi kumene kumaimiritsa hatchi yovuta. Choncho muyambe kucheza nawo mahatchi muli pansi, kale musanaganize zokwera. Ija inakugwerani isakhale yoyamba, ndipo eni ake aiyezetse mano, msana ndi chishalo, poti nthawi zambiri hatchi imaimirira chifukwa pena pakuipweteka. Malotowo akapitirira miyezi, muuzeni dokotala, thandizo lake lilipo.

Mudzadziwa kuti nthawi yayandikira mukamayenda theka la ola osatsimphina, kukwera masitepe osagwira, kunyonyomala n'kudzuka, ndi kuima ndi mwendo wovulalawo masekondi 30 chiuno osagwera mbali. Mukafika apo, ndipo dokotala walola, yambani ndi chishalo chopanda hatchi. Chiikeni pa mgolo kapena pa choikapo chake cholimba, mukhalepo mphindi zochepa, mumve chimene pachinena pakunena. Kenako musankhe hatchi yofatsa, yopyapyala msana, osati chimphona chotambalala. Mukwere kuchokera pa chopondera chachitali kuti musadzikoke ndi mwendo umodzi, mnzanu atagwira chingwe, chipewa cholimba kumutu. Mphindi 10 zoyenda chabe zakwana. Potsika ndi pamene ambiri amadzipweteka, chifukwa amalumpha mwachizolowezi n'kutera ndi mphamvu. Tsetserekani pang'onopang'ono, mimba itatsamira chishalo, mutere ndi mapazi onse awiri mawondo opinda, kapena mutsikire pa chopondera chomwe chija.

Woweruza ndi m'mawa wotsatira. Kuwawa kwa minofu yotopa kumene kumatha pa tsiku limodzi n'kwabwinobwino. Ululu wobaya pachinena kapena kumbuyo pamwamba pa thako, kumva ngati pena pakugundana, kapena kuyambanso kutsimphina, ndi chizindikiro choti mwafulumira, bwererani pambuyo ndipo muuze wa mafizo. Zikayenda bwino, onjezani mphindi pang'onopang'ono kwa masabata angapo musanayambe kuthamangitsa. Kudumpha, kukwera ndi zopondera za pachishalo zazifupi ngati okwera a mpikisano (majoke), ndi kuphunzitsa mahatchi aang'ono osazolowera munthu, zimenezo zibwere kumapeto kwenikweni, ndipo mukambiranenso ndi dokotala musanaziyambe.